Dzina munatipatsa, nanga njira yake? Kalata kwa akuluakulu a mu Blantyre

Kwa inu mabwana ndi madona oyang'anira zaumoyo, zamaphunziro ndi zachisamaliro cha anthu mumzinda wa Blantyre, komanso inu aphungu ndi makhansala athu,

Landirani moni wanga. Ine ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Bangwe, ndipo ndimasoka zovala pakhonde la nyumba ya lendi. Dzina langa sindilemba. La mwana wanganso sindilemba, poti iye alibe mawu oti andilolere kapena kundiletsa. Ndi wachiwiri kubadwa, mnyamata, ali ndi zaka 7.

Tsiku limene tinauzidwa vuto lake anali ndi zaka 4. Adokotala amene anatiwona anali munthu wabwino, ndipo sindikuwadandaula. Anamusiya mwanayo kuti azipanga zake, iwo n'kumangomuyang'ana. Iye anapeza chitseko cha kabati, n'kuyamba kutsegula, kutseka, kutsegula, kutseka, osatembenuka ngakhale pamene ankamuitana dzina. Anandifunsa mafunso ambiri. Kodi amaloza ndi chala akafuna chinthu? Amasewera ndi anzake? Mawu amene anali nawo ali ndi chaka ndi theka anapita kuti? Makutu anali atayezedwa kale, amamva bwinobwino. Kenaka analemba mawu amodzi m'buku la kuchipatala: autism. Ine ndinafunsa zimene mayi aliyense angafunse, kuti mankhwala ake tikalandire kufamase kapena tikagule. Anandiuza modekha kuti mankhwala ochiza palibe, kuti mwanayu ubongo wake unapangidwa mosiyana, ndipo chofunika ndi kumuphunzitsa pang'onopang'ono. Ndinkafuna kufunsa kuti timuphunzitse bwanji, nanga ndani, nanga kuti. Koma panja panali mzere wa amayi obereka ana otentha thupi, ena akukomoka, ndipo ine mwana wanga anali wonenepa bwino, akuyenda yekha. Ndinachita manyazi kudya nthawi ya anzanga. Anatilembera tsiku lobweranso pakatha miyezi itatu, tinatuluka.

Mu minibasi pobwerera, kondakitala atamenya chitseko n'kuyamba kukuwa "Limbe! Limbe!", mwana anatseka makutu n'kulira kulira kwake kuja kosatontholeka. Mayi wina kumbuyo anati, "Mwana wamkulu chonchi? Mukumulekerera, akanakhala wanga ndikanamuthyolera kamtengo." Buku linali m'chikwama, dzina la vutolo lili momwemo, koma sindinathe kumuyankha. Dzinalo ngakhale kulitchula sindinkatha.

Kalata ino ndikulembera miyezi itatu imeneyo, kuyambira pamene kholo latuluka pakhomo la adokotala kufikira tsiku lobweranso. Pamenepo m'pamene mumatisiya tokha.

Amati kufunsa ndi kudziwa njira. Zoona, koma munthu amafunsa amene wamupeza panjirapo. Ine amene ndinawapeza anali ena. Apongozi anga anafunsa kuti ndi matenda anji opanda mankhwala, ndipo anagamula okha kuti mwanayu anamangidwa lilime, akamudule kamtsempha kakunsi. Aneba anali ndi yawo. Chaka chimenecho ndinali nditapeza oda yosoka mayunifomu, ndiye nkhani inamveka pampopi kuti telala uja anakhwimira mwana kuti makina aziyenda. Amayi amene ndinkatunga nawo madzi anayamba kuitana ana awo akaona wanga wayandikira. Ndisakubisireni, kwa asing'anga ndinapita. Mphini zili pachifuwa pakepo mpaka lero, ndipo ndikamamusambitsa ndimayang'ana kumbali. Kwa mneneri ndinapitanso, ndinagula mafuta, ndinagona kuphiri. Ndalama za mayunifomu zija zinathera kumeneko. Musandiyese mbuli. Anthu amenewa ndi okhawo amene anandiuza chochita mawa m'mawa.

Wina ananditumizira uthenga pa WhatsApp woti katemera ndi amene anamuwononga mwana, ndipo ndinatsala pang'ono kumulekesa wamng'ono kusikelo. Pambuyo pake m'pamene ndinamva kuti nkhaniyo inachokera pa kafukufuku wa dokotala wina wa ku Britain mu 1998, amene anapezeka kuti anali wachinyengo, ndipo magazini ya The Lancet inamuchotsa mu 2010. Ofufuza ambiri ayang'ana nkhaniyi ndipo sanapeze kuti katemera amayambitsa autism. Chimene chikudziwika n'chakuti mwana amabadwa nazo, ndipo mbali yaikulu imayenda m'magazi a kumtundu. Kaleredwe si kamene kamayambitsa. Mawu ochepa amenewa akanandiuza munthu tsiku loyamba lija, ndikanagona tulo chaka chathunthu.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali ndi autism. Tangowerengani nokha. Sukulu ya pulayimale ya ana 2,000, ndipo zoterozo mu Ndirande, Bangwe ndi Mbayani si zachilendo, ndiye kuti ana ngati 20. Mukapanda kuwapeza m'kalasi, ali kuseri kwa nyumba, ena atsekeredwa m'chipinda mayi ali kumsika, ena amangidwa chitenje kumwendo. Kumudzi amawatchula mayina amene sindifuna kuwalemba pano.

Thandizo langa linabwera pa benchi. Tsiku lobwererako lija, tikudikira, mwana wanga anayamba kukupiza manja ngati kambalame, monga amachitira akasangalala kapena akatopa. Mayi wina wa ku Chilomoni amene anakhala pafupi anamuyang'ana, kenaka anandiyang'ana ine, n'kunena chapansipansi, "Amayi, wanunso?" Ndinalira pa gulu, ine munthu wamkulu. Iwo sanandiletse. Anangotenga buku langa n'kulemba nambala yawo kuseri kwa chikuto.

Lero tilipo makolo khumi ndi angapo. Timakumana Loweruka limodzi pa mwezi m'kalasi ya Sande sukulu imene mpingo wina unatibwereka. Tilibe dzina, tilibe chidindo, tilibe wotipatsa ndalama. Aliyense amabwera ndi chimene waphunzira pogwa ndi kudzuka. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kudula zithunzi za kapu, mbale ndi chimbudzi n'kuzimata pa katoni, kuti mwana akafuna chinthu azindipatsa chithunzi m'malo modzimenyetsa mutu kukhoma. Ndinaphunzira kumunyamulira zinthu ziwiri, nthochi ndi mandasi, kuti asankhe, kenaka n'kukhala chete, kuwerenga mpaka khumi mumtima, osamuthamangira. Kudikira kumeneko n'kovuta kuposa mmene mungaganizire, ife tinazolowera kuti mwana akachedwa kuyankha ndi mwano. Ndinaphunzira kumuuziratu chimene chikubwera: tikamaliza phala tisamba, tikasamba tivala. Ndinaphunzira kumumeta ndi sizasi ali m'tulo, chifukwa mashini a kubabashopu amamumva ngati akumuboola mutu. Ndinaphunzira kukhoma loko pamwamba pa chitseko pomwe sangafikire.

Za loko zija ndinaphunzira mochedwa. Tsiku lina ndikupinda siketi ya kasitomala, ndinadzutsa mutu n'kupeza palibe. Mwana amene sayankha dzina lake simungamuitane, mumangothamanga. Tinamupeza dzuwa litapendeka, atakhala m'mphepete mwa kamtsinje, akuponya timiyala m'madzi, mmodzimmodzi, ali phee ngati palibe chachitika. Ambiri mwa ana athuwa amakokeka ndi madzi ndipo sadziwa ngozi. Kuchokera tsiku limenelo ndimasokera nambala ya foni kukhosi kwa malaya ake onse, ndipo ndasokeranso ana onse a m'gulu mwathu. Imeneyo ndiye mphatso yanga kugulu, ulusi ndi singano.

Mayi mnzathu wa ku Chilobwe anatifotokozera za namondwe wa Freddy mu March 2023. Nyumba itagwa anakasungidwa pa sukulu, anthu ambirimbiri m'kalasi imodzi, phokoso usana ndi usiku, chakudya chachilendo. Mwana wake amadya nsima ndi dzira basi, china chilichonse amalavula. Analira masiku atatu mpaka anzawo a m'kalasimo anayamba kung'ung'udza, ndipo mayiyo anasankha kukagona pakhonde ndi mvula ija. Pokonza za ngozi zogwa mwadzidzidzi, mumakumbukira wa njinga ya olumala ndi wa ndodo yoyera, ndipo n'zoyenera. Ulumali wa ana athu suoneka ndi maso, ndiye pa mndandanda sukhalapo.

Tsono mabwana, si kuti ndikupempha ndege. Ndiyambe ndi pepala. Pepala limodzi, la m'Chichewa, loti adokotala kapena anamwino akalemba mawu aja m'buku azilipereka m'manja mwa kholo. Linene kuti vutoli ndi chiyani, kuti si ufiti, si katemera, si tchimo la mayi. Linene zinthu zitatu kapena zinayi zoti kholo liyambe kuchita kunyumba sabata yomweyo. Lichenjeze kuti ana ena otere amagwanso khunyu, ndipo khunyuyo ili ndi mankhwala kuchipatala. Linene kumene makolo ena amakumana, ndi mabungwe amene alipo, monga FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, ndi PODCAM, la makolo a ana aulumali. Ine mayina amenewa ndinawamva patatha chaka, kwa mayi mnzanga pa mkeka. Pepala lotere ndikanakawawerengera apongozi anga. Iwo mawu a mpongozi sawamva, koma pepala la chidindo cha boma amaliopa. Za kolera munatha kutiphunzitsa pa wailesi mpaka mwana wa mkombaphala akudziwa kusamba m'manja. Za Edzi munatha, mpaka manyazi anachepa. Izinso mungathe. Ndipo mutipezere mawu a m'chinenero chathu, mutakhala pansi ndi makolo ndi akatswiri a chiyankhulo. Chinthu chopanda dzina la Chichewa anthu amachipatsa okha dzina, ndipo limene amapereka limapweteka.

Kusikelo ndinapita mwezi ndi mwezi osajomba. Mwana anapachikidwa pa sikelo, anayezedwa mkono, analandira katemera yense ndi vitamini A, mzere wa m'buku ukukwera bwino. Anandiyamikira kuti ndimadyetsa. Palibe anandifunsa ngati akuloza, ngati amatembenuka ndikamuitana, ngati amandiyang'ana m'maso poyamwa. Ali ndi chaka ndi theka ankati "mama" ndi "madzi", kenaka mawuwo anauma ngati mame, ndipo nditanena ndinayankhidwa kuti anyamata amachedwa. Zizindikiro za autism zimatha kuoneka mwana asanakwane zaka 2, ndipo kuyamba msanga kumuphunzitsa kumathandiza kwambiri. Ife tinataya zaka ziwiri. Alangizi a zaumoyo sindikuwaimba mlandu, amafunsa zimene anaphunzitsidwa kufunsa. Chimene chinandidabwitsa ndinachimva kwa namwino wina wa m'gulu mwathu, nayenso kholo: kuti chida choyezera kakulidwe ka mwana chotchedwa MDAT chinapangidwa konkuno ku Malawi, poyeza ana athu omwe, chinasindikizidwa mu 2010, ndipo mayiko ena akuchigwiritsa ntchito. Chimayang'ana kayendedwe, kagwiridwe ka zinthu, chilankhulo ndi kakhalidwe ndi anthu. Taphika ndife, akudya ndi ena. Ngakhale mafunso anayi okha otengedwa mmenemo, mlangizi atamafunsa pamene mwana ali lende pa sikelo, ana ambiri akanadziwika nthawi ikadalipo.

Akatswiri ophunzitsa ana kulankhula m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, ndipo a pulayiveti mtengo wake telala sangaufikire. Ndikudziwa kuti simungawaumbe ndi dothi. Sukulu ya ukachenjede ya KUHeS ili mumzinda mwathu momwe muno, imaphunzitsa madokotala, anamwino ndi a mafizo, ndipo pempho langa n'lakuti akatswiri a kulankhula nawonso azituluka chaka ndi chaka, boma n'kumawalemba ntchito. Koma zimenezo n'za zaka, ndipo mwana wanga sakudikira, akukula. Pakadali pano phunzitsani ifeyo. WHO ili ndi maphunziro a makolo a ana ochedwa kukula, otchedwa Caregiver Skills Training: misonkhano 9 ya pagulu ndi maulendo 3 ochezera kholo kunyumba, ndipo wophunzitsa sachita kukhala dokotala. Ku Ethiopia anayesa. Zimene ife timaphunzitsana mongopapasa Loweruka lija ndi zomwezo, kungoti ife tilibe wotiwongolera tikalakwitsa. Tipatseni namwino mmodzi kapena mlangizi mmodzi pa chipatala chaching'ono chilichonse, Bangwe, Ndirande, Zingwangwa, Chilomoni, Limbe, amene waphunzira zimenezi, ndi chipinda kamodzi pa mwezi. Ndipo tsiku la kiliniki ya ana otere, lolani kholo limodzi la ife likhale pakhomo, kuti wotuluka ndi dzina lachilendo m'buku apeze womufunsa kuti, "Wanunso?" Zisamachitike mwamwayi ngati mmene zinandichitikira ine.

Nkhani ya sukulu ndiyo imandiwawa kwambiri. Pulayimale yaulere inayamba mu 1994, ine ndemwe ndinaphunzira nayo. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, linakhazikitsa lamulo la aulumali mu 2012, ndipo mu 2024 kunabwera latsopano, bungwe la boma loona za aulumali la MACOHA n'kusanduka MACODA. Mapepala onsewa amanena kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa cha ulumali. Ine mwana wanga sanakanizidwe. Ahedi a pa sukulu ina anandilandira bwino, n'kundilowetsa mu Sitandade 1 kuti ndidzionere ndekha. Ana oposa 100 atakhala pansi, mphunzitsi mmodzi, onse akuimba a e i o u mokweza. Mwana wanga anatseka makutu n'kulowa pansi pa tebulo la aphunzitsi. Ahedi anati, "Mayi, mwaona nokha. Mubwere naye akadzayamba kulankhula." Nanga akadzapanda kulankhula? Alipo ana otere amene salankhula moyo wawo wonse koma amaphunzira kuwerenga, kulemba, kusoka, kulima. Alipo ena amene amalankhula bwino, amakhoza masamu kuposa kalasi yonse, koma amamenyedwa tsiku ndi tsiku chifukwa sayang'ana aphunzitsi kumaso. Sukulu za pulayiveti ziwiri zinatenga fizi ya teremu, n'kundiitana sabata yachitatu kuti makolo ena akudandaula.

Ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, amaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera, ndipo ndi pafupi pomwepa. Aphunzitsi otere ndinakumana naye mmodzi pa resource centre ina, chipinda chophunzitsiramo ana otere, mayi woleza mtima amene anamuphunzitsa mwana wanga kukhala pampando mphindi zisanu. Koma ali yekha, ana osiyanasiyana mavuto, wosamva, wosaona bwino, wa khunyu, onse chipinda chimodzi, ndipo kuti tikafikeko ndi maminibasi awiri kupita, awiri kubwera, ndi mwana amene minibasi amaiopa. Timapita kawiri pa sabata ndalama ikapezeka. Chulukitsani zipinda zimenezi kuti zoni iliyonse ikhale nacho chake choyenda wapansi. Aphunzitsi onse a m'makoleji, ndi alezi a sukulu za mkombaphala, amveko ngakhale sabata imodzi za ana otere, kuti akaona mwana pansi pa tebulo asathamangire chikwapu.

Za m'thumba ndingonena mwachidule. Wosamalira mwana wotere sagwira ntchito yolembedwa, chifukwa palibe wantchito kapena m'bale amene amapirira mwezi. M'gulu mwathu amayi angapo amuna anawathawa, ati kumtundu kwathu kulibe zotere. Mukamalemba mayina a Mtukula Pakhomo kapena thandizo lina lililonse, muziwerengako khomo limene mayi ndi wamphamvu koma manja ake ndi omangika. Ndipo wina azifunsako mayiyo kuti, nanga inu mukugona? Alipo amene anandiuza kuti anaganizapo zomwa tameki pamodzi ndi mwana. Anandiuza ine, telala, poti panalibe wina womuuza.

Abambo ake a mwanayu poyamba ankachoka m'mamawa n'kubwera iye atagona. Sanandithawe, koma anathawa mwana. Chimene chinawabweza ndi bambo wina wa m'gulu mwathu, mmodzi mwa awiri okha amene amabwera, amene anawapeza pa mpira n'kucheza nawo ngati amuna. Sindidziwa anakambirana zotani. Panopa Lamlungu masana amakhala pansi ndi mwana wawo kundandalika zitsekerero za mabotolo, za Fanta mzere wake, za Coca-Cola mzere wake, ndipo wamkuluyo akalakwitsa mtundu, wamng'ono amamugwira dzanja n'kubweza. Mukamakonza zophunzitsa makolo, musaziike Lachiwiri m'mawa pokha pamene abambo ali ku ntchito, kenaka n'kumati abambo safuna.

Pa 2 April chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira autism pa dziko lonse. Mukadzakonza zoyenda mumsewu wa Chipembere ndi malaya osindikiza, ife sitikana, koma dziwani kuti ana athu ambiri sangayende nawo, ng'oma ndi zimkuzamawu sangazipirire. Ndalama ya malaya 200 ingasindikize mapepala aja angati?

Usiku ndikamayang'ana mwendo wake ukutalika, ndimaganiza za tsiku limene adzakhale ndi ndevu ndipo ine mphamvu zitatha. Mwana wa zaka 7 akakuwa mumsika anthu amati ndi wopanda mwambo. Wa zaka 20 akadzakuwa adzati ndi wamisala, am'mange apite naye ku Zomba, kapena adzamuyesa wakuba poti wagwira katundu wa munthu osapempha, ndipo mukudziwa chimene chimachitikira woyesedwa wakuba m'misika yathu. Apolisi ndi a chitetezo cha m'madera nawonso auzidwe. A MACODA ndi a TEVETA aganizire malo a ntchito zamanja a anyamata ndi atsikana otere. Wanga amatha kale kulowetsa ulusi pa singano msanga kuposa ine, ndipo gudumu la makina akaligwira salisiya.

Loweruka loyamba la mwezi uliwonse timakumana 2 koloko masana. Mukafuna kubwera, funsani anamwino a kiliniki ya ana, ena mwa iwo amatidziwa. Alawansi kulibe, mipando ndi ya ana a Sande sukulu, ndiye mudzakhala pa mkeka. Mudzabwere awiri kapena atatu, osati chigulu, ndipo foni mudzaitseke kulira. Mwana wanga sadzakupatsani moni ndipo sadzakuyang'anani kumaso. Akadzakuikani kachithunzi ka kapu m'manja, madzi ali mu ndowa ya buluu kuseri kwa chitseko.

Ine wanu,
Mayi wa ku Bangwe